Mtsikana Amene Sanathawe Nditagwa

Ndinayamba kugwa ndili mu sitandade 8. Ulendo woyamba ndinagwera pa mjigo, ndowa ili pamutu. Za kugwako sindikumbukapo kanthu. Chimene ndimakumbuka n'chakuti ndinatsitsimuka ndili chigonere m'matope, diresi litanyowa, lilime likuwawa, ndipo azimayi onse amene ndinawapeza pa mjigopo anali ataima potero, manja ali kukamwa. Palibe amene anandikhudza. Mmodzi ndiye anathamanga kukaitana amayi anga, ndipo amayiwo atafika anandifunditsa chitenje n'kundibereka ngati khanda, chonsecho ndinali nditatalika kale kuwaposa.

Kwathu ndi mudzi wina pakati pa Boma la Mchinji ndi boda, kufupi ndi njanji yopita ku Chipata. Pafupifupi aliyense m'mudzimo ndi mbale wathu, choncho pofika madzulo nkhani inali italowa nyumba iliyonse kuti mwana wa uje wayamba khunyu. Anthu ankakhulupirira kuti matendawa ndi opatsirana, kuti ukangokhudza thovu la munthu amene wagwa, nawenso wayamba. Sankadana nane ayi. Ankangondiopa. Ndinapatsidwa kapu yangayanga ndi mbale yangayanga, ndipo asuweni anga amene tinkagona nawo mphasa imodzi anayamba kupeza zifukwa zokagonera kwina.

Amayi anayesetsa. Anapita nane kwa asing'anga a kutsidya kwa malire, amene anandicheka mphini m'khosi ndi kundipatsa mizu yowawa. Anapita nane kumapemphero. Kugwa sikunasiye. Ndiye anachita chimene akanatha, kunditsekera pakhomo. Osayandikira moto. Osapita ku mjigo. Osapita kudambo kukachapa. Osakwera njinga. Kumsika ayi, kumaliro ayi, kuukwati ayi. Kutchalitchi ndinkakhala pafupi ndi khomo, amayi atandigwira mkono. Sukulu yokha ndi imene anandilola, chifukwa sekondale yoyendera imene ndinasankhidwira inali pafupi, komanso bambo anga, amene sankalankhula zambiri pakhomo, pa nkhani imeneyi analankhula.

Ndinali mtsikana wamphamvu zanga, koma mphamvuzo zinalibe kopita. Ndinkasesa pabwalo m'mawa, masana n'kusesanso posesa kale. Ndinkakhala pakhonde, n'kudzuka, n'kuzungulira nkhokwe, n'kudzakhalanso. Kuchokera pakhondepo msewu wa tala unkaoneka, ndipo tsiku lonse munkadutsa mathiraki, ena olowera ku Lilongwe, ena ku Zambia. Ndinkawatsatira ndi maso mpaka azimiririke kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Atsikana a m'mudzi ankapita pa boda kukagulitsa mazira owiritsa ndi nthochi, pobwerera n'kumasimba za madalaivala a ku Lusaka ndi nyimbo za kumeneko. Ine boda imeneyo, yoti munthu wa njinga amafika asanatope n'komwe, ndinali ndisanaipondepo chiyambireni kudwala. Miyendo inkandiyabwa. Nthawi zina ndinkalakalaka nditangoima pakati pa bwalo n'kukuwa.

Kusukulu madesiki anali ochepa. Anthu ankapanikizana, ena ankakhala pansi. Ine ndinali ndi desiki langalanga.

Tili fomu 2, teremu itayamba kale, m'kalasi munalowa mtsikana wamtali, wowonda, atavala yunifomu yobiriwira ya sukulu ina pamene ife tinkavala yabuluu. Zala zake zinali zakuda ndi phula la fodya, ndiye aliyense anadziwa kuti ndi mwana wa matenanti a ku esiteti ya kuseri kwa njanji. Anamwaza maso, anaona malo pafupi ndi ine, n'kudzakhala. Mtsikana wa kumbuyo kwathu anamukodola, n'kumunong'oneza mokweza kuti nane ndimve.

"Aise, choka pamenepo. Ameneyo amagwa khunyu."

Mlendoyo anandiyang'ana, kenako anayang'ana womuchenjezayo.

"Ndiye ndikakhale pati? Padenga?"

Kalasi yonse inaseka, ndipo iye anatsegula kope lake ngati palibe chachitika.

Pa nthawi yopuma ananditsatira pansi pa mtengo wa mango pamene ndinkakhala ndekha. Ndinali ndi botolo la thobwa. Osapempha n'komwe, analitenga, anamwa, n'kundibwezera.

"Sunamve zimene anakuuza zija?" ndinamufunsa.

"Ndamva. Mayi anga aang'ono ali nawo matenda amenewo. Ndagona nawo mphasa imodzi ndili mwana, ndadya nawo mbale imodzi. Ine ndikagwa ndiye kuti ndapunthwa basi. Koma thobwa lakoli lachepa shuga."

Kwawo kwenikweni kwa mtsikanayu kunali ku Phalombe, ngakhale kuti iye kumeneko ankangokumbukako phiri. Makolo ake anachokako posowa malo olima, ndipo kuyambira pamenepo ankangosamuka esiteti ndi esiteti, ku Kasungu, ku Mkanda, kenako kwathu kuno. Tenanti amalima fodya pamunda wa mwini esiteti, mwiniyo ndi amene amamudyetsa mpaka fodya atagulitsidwa, ndipo chaka chikavuta amakulunga mphasa n'kukayesa kwina. Sukulu zimene mnzangayu anaphunzirako zinali zambiri moti ankazisokoneza posimba. Chichewa chake chinali cha kummwera, ndipo anzathu ankamuseka akamanditchula kuti chemwali. Iye sankasamala.

Tinayamba kuyendera limodzi. M'mawa ankandidikira panjanji, ndipo ankakonda kuyenda pamwamba pa chitsulo manja atatambasula, ine ndili pambali pake. Ankandifunsa mafunso amene munthu wina aliyense anali asanandifunsepo. Kodi kumawawa? Umaona chiyani ukakomoka? Umadziwa kuti watsala pang'ono kugwa? Ndinamuuza chinthu chimene ngakhale amayi ndinali ndisanawauze, kuti nthawi ikayandikira ndimamva fungo ngati la tayala lopsa, kenako m'mimba mumakwera chinthu chozizira.

"Ndiye ukamva fungo lakolo uzinditsina," anatero. "Utsine zenizeni, ine khungu langa ndi lolimba."

Amayi sanamukonde poyamba. Ankati anthu obwera sudziwa kwawo, sudziwa mtundu wawo. Koma mnzangayo ankabwera ndithu. Ankagwada popereka moni. Akawapeza akutong'ola chimanga ankakhala pansi n'kuyamba kutong'ola nawo, akawapeza akupita ku mjigo ankawalanda ndowa. Patapita nthawi amayi anayamba kumusungira mbatata yootcha. Anafika pondilola kuti Loweruka lina ndikamuthandize kusoka fodya ku zigafa, mashedi aatali a udzu momwe amayanikamo masamba. Tinakhala pansi ndi azimayi a ku esiteti, masamba ataunjikidwa pakati, iwo akuimba nyimbo za kwawo zimene sindinkazimva bwino. Palibe amene ankandiyang'ana mwamantha, chifukwa aliyense maso anali pa singano. Ndinabwerako zala zili bii, msana ukuwawa, koma panali patapita nthawi yaitali ndisanasangalale choncho.

Pa chinthu chimodzi chokha sitinkamvana. Ine nkhani yanga tsiku lililonse inali yochoka.

"Ndikangolemba mayeso a fomu 4, ine ulendo," ndinkatero.

"Wa kuti?"

"Kulikonse. Ku Lusaka, ku Lilongwe, ku Joni. Kumene anthu sandidziwa, kumene ndingamwere kapu iliyonse."

Iye ankangopukusa mutu.

"Ine ndikufuna nyumba yoti mvula ikatha tisaisiye. Paliponse pamene takhala ndabzalapo papaya. Mapapaya anga onse akudya ndi anthu ena."

Ndinkaona ngati akungonena, monga mmene munthu wokhuta amanyozera chakudya. Iyenso ankaona chimodzimodzi za ine.

Tsiku limene zinthu zinasintha linali Loweruka la m'nyengo yozizira, mphepo ikuuluza fumbi ndi makoko a chimanga. Amayi ndi bambo anali kumaliro mudzi wina. Mnzangayo anatulukira pa njinga ya bambo ake. Anali atatumidwa pa boda kukagula mafuta ophikira ndi sopo, poti kumeneko zimatsikako mtengo, ndipo anangodzera kuti andipatse moni.

"Unditenge," ndinatero.

"Amayi ako andipha."

"Sadziwa. Abwera dzuwa litapendeka."

"Nanga ukagwa panjinga?"

"Ndikutsina."

Anakana. Ndinaumirira. Anakananso. Ndinayamba kulira, n'kumuuza kuti akandisiya ndinyamuka wapansi ndekha, ndipo ndikanapitadi. Pamapeto pake anamasula chitenje chake n'kundiuza kuti ndikhale pa kaliyala. Anakulunga chitenjecho m'chiuno mwanga ndi mwake, n'kumanga mfundo pamimba pake. Tinanyamuka titamangana ngati mtolo wa nkhuni.

Msewu umenewo ndimaukumbukabe m'thupi. Mphepo inkandimenya kumaso, misozi ikutuluka yokha. Thiraki ikatipitirira njinga inkagwedezeka, ife n'kumakuwa. Ndinaimba nyimbo zonse za kwaya zimene ndinkazidziwa, iye akundiuza kuti ndisiye kuvina pa kaliyala tingagwere mu ngalande.

Pa boda panali phokoso loti sindinkadziwa koyang'ana. Mathiraki anali atandandalika mzere wautali m'mbali mwa msewu, madalaivala ena akuphika pansi pa magalimoto awo, ena akuchapa. Osintha ndalama ankathamangira aliyense wotsika m'galimoto. Amuna a mataye ankayenda mwaliwiro ndi mapepala a katundu kuchoka ofesi iyi kupita iyo. Fungo la tchipisi pa chiwaya, fungo la dizilo, nyimbo zosiyanasiyana zikulira nthawi imodzi. Mnzanga anamasula chitenje chija, anatsamiritsa njinga pakhonde la shopu, n'kulowa kukagula zimene anamutuma. Anandiuza kuti ndisasunthe.

Ndinasuntha. Ndinayenda motsata mzere wa mathiraki mpaka pafupi ndi geti, n'kuima kuyang'ana kutsidya, ku Mwami. Kunalibe chachilendo, mitengo yake yomweyi, fumbi lake lomweli, koma sindinachotseko maso. Dalaivala wina wa ku Zambia, bambo wonenepa, anali atakhala pafupi ndi thiraki yake akudya nzimbe. Anaona mmene ndinkayang'anira.

"Mufuna kuyenda ku Lusaka, sisi? Kwelani, malo aliko."

Mwina ankangonena zocheza. Koma ine ndinayang'ana chitseko chotsegulacho ndi mpando waukulu uli m'katimo, ndipo ndinangozindikira ndikumufunsa kuti anyamuka nthawi yanji. Ndinali nditaponda kale sitepe yoyamba pamene dzanja linandikoka bulauzi kumbuyo.

"Wapenga?"

Anali mnzanga, botolo la mafuta lili kudzanja linalo. Anandikokera kuseri kwa thiraki ina. Ndinali ndisanamuonepo atakwiya choncho.

"Ndimangofunsa," ndinatero.

"Umangofunsa phazi lili pa sitepe? Ukumudziwa munthu ameneyo? Ukudziwa kumene akakutsitse?"

"Kulikonse kuli bwino kuposa pakhonde paja! Iwe sungamvetse. Iwe wayenda, waona malo."

"Ndaona chiyani? Ndaona kumbuyo kwa lole, titakhalira mapoto, fumbi lili m'kamwa. Mng'ono wanga tinamuika ku Kasungu, m'manda a eni ake, chaka chotsatira ife n'kusamuka. Lero ngakhale utandipititsa sindingaloze pamene anagona. Kuyenda kumene ukukufunako ndi kumeneko. Iwe uli ndi amayi oti ukachedwa amaima pamsewu. Uli ndi mudzi wonse wokudziwa."

"Wondidziwa, koma wosandikhudza!"

Ndinkafuna kupitiriza, koma fungo lija linafika. Poyamba ndinayesa kuti ndi la mathiraki. Kenako chozizira chija chinayamba kukwera. Ndinatambasula dzanja n'kumutsina pamkono.

Zotsatirazo ndinachita kuuzidwa, zina ndi iye, zina ndi atsikana a kwathu amene ankagulitsa mazira pamenepo. Akuti anataya botolo n'kundiwakha ndisanamenyetse mutu pansi. Anthu anaunjikana nthawi yomweyo, koma wina atakuwa kuti ndi khunyu, aliyense anabwerera m'mbuyo. Wina ankati andiike supuni m'kamwa, wina ankati andithire madzi, wina ankati ndi ziwanda. Iye sanamvere aliyense. Anandigoneka cham'mbali, anaika juzi yake pansi pa mutu wanga, thovu n'kumalipukuta ndi dzanja lake, anthu akuona. Nditadzikodzera anandifunditsa chitenje chija. Bambo wina anatulutsa foni kuti ajambule, ndipo akuti mnzanga anamukalipira mpaka osintha ndalama anakhala chete, foni n'kubwerera m'thumba. Mayi wina wa ku Chipata wogulitsa zitenje anatambasula nsalu, iye kugwira mbali ina, mnzake mbali ina, kutitchinga kwa anthu.

Nditatsitsimuka ndinaona nsalu yamaluwa ikukupiza ndi mphepo, ndi nkhope ya mnzanga chozondoka. Mutu wanga unali pamiyendo pake. Kupatula amayi, aka kanali koyamba kudzuka munthu atandigwira.

"Wabwera?" anatero. "Nsapato yako ina ndakusungira. Mafuta a amayi ndiye atayika onse."

Ndinayamba kulira. Iye ankangondisisita m'mutu, akundisimbira nkhani yopanda mutu ya mbuzi ya akapitawo a ku esiteti imene inadya fodya n'kumayenda chodzandira, mpaka ndinapeza mphamvu yokhala tsonga.

Njinga sindikanathanso kukwera. Tinabwerera wapansi, iye akukankha njinga ndi dzanja limodzi, linalo atandikoleka. Tinkapuma pafupipafupi. Nkhani inatipitirira panjira, moti pofika pokhotera kwathu amayi anali ataima pamsewu, akadali ndi duku la kumaliro. Ine sanandilankhule. Anayang'ana mnzangayo.

"Mwana wanga ndinamusiya pakhomo. Akanafera komweko ukanandiuza chiyani? Anthu inu mawa mukwera lole n'kumapita, ine n'kutsala ndi manda. Ndisakuonenso pakhomo panga."

Mnzanga anagoneka njinga n'kugwada pafumbi pomwepo.

"Ndalakwa, amayi. Sindibweranso. Koma mupite naye kuchipatala cha ku Boma. Mankhwala a matendawa aliko. Mayi anga aang'ono akumwa, ndipo masiku ano amaphika okha."

"Iwe ndiwe dokotala?"

Ndinayesa kunena kuti ndinachita kuumirira ndine, koma amayi sanafune kumva. Anandigwira mkono, ulendo wa kunyumba.

Masabata otsatirawo anali oipa kuposa ena onse. Amayi anandiletsa ngakhale sukulu, ndipo ulendo uno bambo sanalankhule. Ndinabwerera pakhonde paja. Tsopano ndinkadziwa chimene chili kumapeto kwa msewu, ndipo kukhala kunkawawa kuposa kale. Chakudya sichinkalowa. Ndinkayamba buku n'kulisiya, kuluka tsitsi n'kumasula, kugona n'kudzuka. Ndinagwa kawirikawiri mwezi umenewo. Mnzangayo anasunga mawu ake, sanapondenso pakhomo pathu. Koma madzulo aliwonse akachoka kosankha fodya ankabwera kudzaima panjanji, poonekera kuchokera pakhonde. Ankakweza dzanja, nane n'kukweza. Ankaima pang'ono, kenako n'kubwerera. Amayi ankamuona, koma ankakhala ngati sakumuona.

Tsiku lina m'mawa kunabwera mayi wamfupi wovala chitenje chosuluka, atanyamula kathumba ka nandolo. Anali amayi ake a mnzanga. Anakhala pamphasa ndi amayi anga kuseri kwa khitchini, ine ndikumvetsera pawindo. Sanatalikitse zopepesa. Anangosimba za mng'ono wawo wodwala uja, mmene anapsera mkono atagwera pamoto, mmene banja linayendera kwa asing'anga mpaka mbuzi zonse kutha, ndi mmene anasinthira atayamba kulandira mapiritsi kuchipatala.

"Sanachire kotheratu ayi," anatero. "Koma ali pabanja, amalima, ali ndi ana."

Kenako ndinamva amayi anga akufunsa, mawu ali pansipansi.

"Ana akewo ali bwinobwino?"

"Ali bwino. Osokosa ngati ana ena onse."

Madzulo a tsiku limenelo mnzanga ataima panjanji monga mwa masiku onse, amayi anasiya lichero n'kupita okha kumene anali. Sindinamve zimene anakambirana. Ndinangoona akubwera limodzi, amayi patsogolo, iye pambuyo.

Lolemba lake tinakwera galimoto tonse atatu, amayi, mnzanga ndi ine, kupita ku Boma. Kuchipatala tinadikira pa benchi mpaka masana. Adokotala anafunsa mmene kugwako kumakhalira, mbali imene imayamba kugwedezeka, kumene maso amayang'ana, ndi kutalika kwa nthawi yake. Ine sindikanadziwa. Amayi ananena kuti ndikagwa iwo amandigwira atatseka maso, akupemphera. Mnzanga ndiye anafotokoza zimene anaona pa boda. Adokotala anandipatsa mapiritsi akumwa tsiku lililonse, n'kutiuza kuti matendawa sapatsirana. Amayi anawapempha kuti abwereze mawu amenewo, ndipo anabwereza.

Ndinabwerera kusukulu. Mapiritsiwo poyamba ankandigonetsa, moti m'kalasi mnzanga ankakhalira kundigunda ndi chigongono. Kugwa sikunathe lero ndi lero, koma kunayamba kutalikirana. Amayi anayamba kundilola kupita kumsika, bola ndikhale ndi mnzangayo.

Fodya chaka chimenecho sanayende bwino ku okushoni. Tsiku lina tikuchokera kusukulu mnzanga anandiuza, osandiyang'ana, kuti bambo ake amva za esiteti ina ku Mozambiki, ndipo lole ibwera sukulu ikangotsekera.

"Ndiye ine nditani?" ndinafunsa.

Mawa lake pa nthawi yopuma anasonkhanitsa atsikana a timu ya mpira wamanja kuseri kwa kalasi, ati ali ndi nkhani. Atafika, iye anadzigwetsa pansi n'kuyamba kuphupha, maso atatembenuza. Atsikana anabalalika akukuwa. Anadzuka ali mbuu ndi fumbi.

"Tabwererani kuno! Ine ndamwera botolo limodzi ndi ameneyu chaka chonse, thovu lake ndaligwira ndi manja awa. Ndadwala? Tiyeni, ndigwanso. Iwe ugwire mutu, iwe uchotse miyala, iwe ubwere ndi chitenje. M'kamwa osaikamo kanthu."

Anagwa mobwerezabwereza mpaka yunifomu inang'ambika paphewa. Atsikanawo ankalakwitsa, iye n'kudzuka pakati pa kukomoka kwakeko kuwakalipira, n'kugonanso. Ankaseka onse, nane ndinaseka mpaka m'mimba kuwawa. Si onse amene anasintha. Koma teremu yotsatira awiri mwa iwo anadzakhala pa desiki langa, ndipo tsiku limene ndinagwa pa asembule anadziwa chochita.

Lole inabwera m'mawa wa tsiku lotentha, mphepo itasiya. Amayi anandiperekeza ku esiteti atasenza thumba la mtedza loti akawapatse apaulendowo. Katundu yense wa banja lawo anakwana pakona imodzi ya lole. Mnzanga sankafuna zolira. Anandiuza kuti ndisamadumphitse mapiritsi, kuti masamu akandivuta ndizifunsa, ndiponso kuti tsitsi lakumbuyo ndimaluka mokhota. Injini italira anakwera, n'kukhala pa mphasa yokulunga atatifulatira. Sanacheuke. Ndinathamangira loleyo mpaka pamlatho, amayi akundiitana m'mbuyo, ndipo chimene ndinaona ndi mapewa ake akugwedezeka.

Analibe foni, ndipo dzina la kumene anapitako sindinkalidziwa. Kwa zaka zambiri ndinkafunsa munthu aliyense wa Chichewa cha kummwera amene ndakumana naye, m'minibasi, kumsika, kuchipatala. Ndinamaliza sekondale, ndinachita maphunziro a uphunzitsi, ndipo lero ndimaphunzitsa pa pulayimale ina kufupi ndi Ludzi. Mapiritsi ndikumwabe.

Chaka chatha foni inalira ndikuchonga makope, nambala yake yosadziwika. Anali iye. Nambala yanga anaipeza kwa mayi wina wa kwathu wogulitsa mtedza amene anakhala naye mpando umodzi mu basi. Banja lawo linabwerera ku Phalombe bambo ake atamwalira. Sukulu analekezera fomu 3. Anakwatiwa, ali ndi ana aakazi awiri, ndipo amasoka zovala pamsika. Tinalankhula molandana mawu, wina asanamalize wina wayamba, mpaka mayunitsi ake anatha. Ndinamuimbiranso ine, anganso n'kutha.

Sitinaonanebe. Ulendo wa pa Khirisimasi unalephereka chifukwa mwana wake anadwala, wa pa Pasaka msewu wa kwawo unaduka ndi madzi. Pano tikunena za tchuthi chikubwerachi, ndipo ine chikwama ndinatsitsa kale pamwamba pa kabati. Sabata yatha anandiimbira kuti ndimuuze muyeso wanga, akufuna andisokere diresi. Nditamuuza anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti nsalu imene anagula siikwana, akawonjezera ina.